Ndinabzala Mbewu Yanu Yonse, Amayi

Amayi, kodi muli bwanji kumeneko?

Ife kuno tilipo, kungoti ine kukhala pansi kukundikanika. Kalata ino ndaiyamba katatu. Ndikalemba mizere iwiri ndadzuka, ndathamangira kumunda, pobwera ndikupeza pepala lauluka, nkhuku zapondapo. Lero ndalipsinja ndi mwala, ndipo ndadzilumbirira ndekha kuti Felista iwe, sudzuka pamphasa pano mpaka uwauze amayi ako zimene wachita. Inu mukundidziwa, paja munkanditcha Naphuma. Dzinalo silinandichoke.

Koma ndiyambe ndi zabwino kuti mtima wanu uyambe wafewa. Mng'ono wanga Lusiya anachira bwinobwino ku Mua mwezi wa Okutobala, mwana wamkazi. Tamutcha Rozina, dzina lanu. Mawu akenso ndi anu, akalira amamveka mpaka kumjigo. Mbuzi yanu yothyoka nyanga ija inaswa awiri, koma kuba sinasiye, dzana yadya sopo wa mkamwini wanu. Mango akuseri kwa nyumba anabereka mpaka nthambi kuthyoka, tinadya, tinagawa, ena anangowolera pansi. Ndinkati ndikatola lalikulu ndaliika padera, kenako n'kukumbuka kuti womuikira padera uja palibe.

Njerwa za chiliza chanu zilipo. Mkamwini wanu, bambo a Tadala, anaumba ndi achimwene, n'kuotcha mvula isanayambe. Uvuni ukadali chiimire pansi pa bwemba paja, anaufolera ndi udzu ndi mapulasitiki kuti njerwa zisanyowe. Akuti timanga mvula ikatha, ndiye musaganize kuti takuiwalani.

Tsopano nkhani imene yandisowetsa mtendere ndi ya chimanga chanu cha makolo chija, choyera cholimba, chimene munkati agogo anatsika nacho kuchokera kumapiri atachimanga pansalu. Cha m'nkhokwe chonse chinathera pamaliro anu, anthu anabwera ambiri, amayi, mukanaona mukananyada. Chinatsala ndi ngala zinayi zokha, zija munazimangirira kudenga la khitchini pamwamba pa moto, zitada bii ndi mwaye. Ndinafunsa m'mudzi monse, palibenso amene ali nacho. Onse anatembenukira ku cha haibulidi. Mng'ono wanu, amayi aang'ono a Velonika, chawo chinapita ndi madzi chaka chosefukira chija. Choncho pa dziko lonse lapansi mbewu yanu inali ngala zinayi zimenezo basi.

Ndipo ine ndinabzala yonse.

Musandiyang'ane choncho, ndikudziwa. Munkanena chaka ndi chaka kuti mbewu siipita yonse kumunda, ina imatsala kulonda nyumba. Ndinkamva ndithu, makutu ndili nawo. Koma mvula itagwa kumapeto kwa Novembala ndinatsitsa ngala zija, ndinatonola yoyamba, yachiwiri, yachitatu. Yachinayi ndinaigwira m'manja nthawi yaitali. Ndiye mtima unandinyenga kuti mizere yatsala itatu yokha kuti munda wa kumchenga uja udzaze, ukadzaza anthu odutsa panjira ya ku Golomoti aziti mwana wa a Rozina watengera amake. Ndinatonola. Inakwana mizere khumi ndi inayi, ndipo ndinabwerera kunyumba ndikuimba.

Kulakwa kwanga kwachiwiri ndi phulusa. Mukukumbukira chitini chanu chija chinkakhala kuseri kwa khitchini, chimene munkathiramo phulusa m'mawa uliwonse? Chikadzaza munkakhuthulira m'matumba, ndipo nthawi yogalauza mizere munkandisenzetsa kupita nalo kumchenga kuja. Ha, ntchito imeneyo ndinkadana nayo! Ndinkafika kumunda mutu uli mbuu, anzanga akundiseka kuti taonani chizukwa. Ndikakufunsani kuti kodi phulusa n'chakudya cha chimanga, inu munkangoti senza, udzadziwa ukadzakula. Simunandifotokozere, ndipo mwina nanunso chifukwa chake simunkachidziwa, munangoona agogo akutero. Inu mutapita, chitini chija ndinachisandutsa chomwera nkhuku. Phulusa ndinkangothira kuchimbudzi kuti kusamanunkhe. Chaka chino munda wa kumchenga sunalawe phulusa ngakhale lodzaza dzanja.

Za feteleza zinayenda chonchi. Bambo a Tadala anapita ku Golomoti kawiri pa njinga, wokulitsa sanamupeze, anabwera ndi wobereketsa yekha, yureya, woyera ngati shuga uja. Wambiri anapita kumunda waukulu wa haibulidi, ine anandigawira ndowa imodzi. Anandiuza ndithu kuti mayi a Tadala, uyu ndi wobereketsa, dikirani chimanga chikule kaye, mwina wokulitsa apezeka. Ine kudikira? Chimanga chitangotha masabata awiri, ndinatenga kachitsekero ka botolo n'kuthira phando ndi phando.

Amayi, mukanachiona! Mvula inagwa tsiku lotsatira, ndipo pasanathe sabata munda wonse unali biriwiri, masamba otambalala, obiriwira mpaka kuda. Anthu ankaimadi panjira. Ine ndinkayenda mapewa ali m'mwamba, ndipo ndinafika powauza amayi aang'ono kuti za phulusa zija zinali zachikale. Iwo anangoti, “Chikomekome cha mkuyu, mwana wanga.” Mwambiwo sanaumalize, anangotola khasu lawo n'kumapita.

Kenako mvula inadula. Ng'amba ya kuno kunsi mukuidziwa, mchenga kutentha mpaka osapondeka. Tsiku lina m'mawa ndinaona masamba am'munsi ayamba chikasu, osati tsamba lonse ayi, koma m'mbali mokha. Patapita masiku atatu m'mbali muja munauma, kufiira, ngati wina wadutsitsa muuni wa moto m'mphepete mwa tsamba lililonse, pakati pali pobiriwira bwinobwino. Ndinati chimanga cha amayi chili ndi njala. Ndipo munthu wa phuma akaganiza za njala sadziwa china koma kuonjezera chakudya chomwe ali nachocho.

Ndinatenga ndowa ija masana dzuwa lili pamutu. Ulendo uno kachitsekero ndinkadzaza mpaka kusefukira, ndipo ndinkathira pafupi penipeni ndi phesi, ati kuti chidye msanga. Sindinafunse munthu. Bambo a Tadala anali kumunda waukulu, amayi aang'ono ndinawazemba dala chifukwa cha mwambi wawo uja. Ndinathira mzere woyamba, wachiwiri, mpaka wa khumi ndi umodzi, ndowa n'kutha. Mizere itatu yakumapeto inatsala yosathira, ndipo ndinapsa mtima, ndinaponya ndowa uko, ndikudandaula kuti itatu imeneyi ndiye ifa ndi njala.

Kalanga ine! Patatha masiku anayi mvula isanagwe, mizere yomwe ndinaithira ija inayamba kufota. Masamba anapindika, ena anayera n'kuuma, mapesi ang'onoang'ono anangofa chiimire. Ndinafukula phando limodzi ndi chala, mizu yake inali yopserera. Chimene chinapulumuka, mvula itabwera, chinathamanga kukula mochititsa mantha, chitalitali, chofewa ngati bango laliwisi. Ndinati mwina Mulungu wandikhululukira. Koma Lachitatu lina masana kunabwera chimvula champhepo kuchokera kunyanja, ndipo nditapita kukaona ndinapeza mizere khumi ndi umodzi yonse ili gone, mapesi ena atathyokera m'munsi. Ndinakhala pansi pamatope pomwepo n'kulira mokweza ngati tsiku lija tinakuperekezani. Ndinalira chimanga, komanso ndinalira inu, chifukwa ndinaona ngati ndakuikani m'manda kachiwiri ndi manja angawa.

Chinatsala chiimire ndi cha mizere itatu ija, ija inatsala yosathira ndowa itatha. Chachifupi, masamba am'munsi opserera m'mbali, koma chiimire. Ndiyo mizere ya ngala yachinayi, imene inayenera kutsala kulonda nyumba.

M'mawa mwake ndinamva kuti alangizi a zaulimi, mayi wina wamfupi woyenda pa njinga yamoto, ali pamsonkhano wa kalabu kusukulu. Ndinapita ndi matope anga omwewo, ndinawadikira pakhomo, atangotuluka ndinawagwira mkono. Anthu anaseka, koma mayiwo sanaseke. Anasiya njinga n'kunditsata wapansi mpaka kumchenga.

Anayenda mwakachetechete, anafukula apa, anagwira phesi apo. Kenako anadumphira m'munda wa oyandikana nafe, umene sunathiridwe kalikonse, anathyola tsamba limodzi, anathyolanso lina m'mizere yanga itatu ija, n'kuwayala pansi moyandikana. Anati, “Mayi, tayang'anani bwino. Njala ya chimanga si imodzi. Ili la anzanuli chikasu chayambira kunsonga n'kutsika pakati pa tsamba, motsata msana. Limeneli likulira nayitirojeni, amene ali mu yureya. Nayitirojeni ndiye amabiriwitsa chimanga ndi kuchithamangitsa kukula. Koma lanuli pakati ndi pobiriwira, lapsa m'mbali. Limeneli likulira mchere wina, dzina lake potaziyamu. Ameneyo ndiye amalimbitsa phesi kuti lisagwe ndi mphepo, ndiponso amathandiza mmera kupirira dzuwa. Mu yureya mulibe ngakhale pang'ono, ndipo nthaka ya mchenga ngati ino siimusunga, amatsika ndi madzi.”

Ndinafunsa kuti nanga n'chifukwa chiyani chinafa nditaonjezera chakudya. Anati, “Chinkapempha china, inu munachipatsa china, chambiri, pafupi ndi phesi, nthaka ili youma. Yureya akakhala wopanda madzi amawotcha mizu. Chimene chinapulumuka chinakula thupi lopanda mafupa, n'chifukwa chake chagona.” Ndinangoti zyoli, manyazi atandigwira.

Ndiye anayang'ana uku ndi uku, n'kunena kuti akudabwa kuti munda wamchenga chonchi unkabereka bwanji zaka zonsezi. Anati, “Potaziyamu amapezeka mu feteleza wokulitsa, koma wambiri ali m'phulusa la nkhuni. Kodi mwini mundawu sankathira phulusa?”

Amayi inu! Ndinaona chitini chija, ndinaona mutu wanga uli mbuu, ndinamva mawu anu akuti senza, udzadziwa ukadzakula. Ndakula tsopano, ndadziwa, koma ndadziwira pa mizere khumi ndi umodzi. Alangizi aja anandisiya ndilire kaye, kenako anati mizere itatuyi ikhoza kupulumuka ngati ndipeza phulusa louma, losanyowapo ndi mvula, sabata lomwelo. Anati ndithire dzanja limodzi pa phando, motalikirako ndi phesi, n'kukwirira. Anandichenjezanso kuti ndisayerekeze kuonjezera yureya, ndiponso ndisasakanize phulusa ndi feteleza m'chiwiya chimodzi, mphamvu ya fetelezayo imathawa. Anabwereza kawiri, ndiye kuti anali atandiona kale kuti ndine wotani.

Phulusa louma pakati pa dzinja mungalipeze kuti? La pamoto panga la tsiku limodzi silinadzaze ngakhale kambale ka ndiwo. Ndinanyamula beseni m'mawa n'kuyamba kuzungulira m'makomo. Apa ndiye ndinaonjezera manyazi pa manyazi. Ndinaiwala kuti kwathu kuno munthu sapempha phulusa la pamoto pa mnzake wamba, makamaka m'mamawa. Khomo loyamba, a Nambewe anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi, anati, “Phulusa la pamoto panga? Mwana wa a Rozina, mwayamba zotani?” Ndinafotokoza za potaziyamu, koma pamene ndinkatchula dzina lachilendolo m'pamene ankabwerera m'mbuyo. Khomo lachiwiri anati angotaya kumene. Lachitatu anandipatsa pang'ono chabe, koma anandiperekeza ndi maso mpaka kukhota. Pofika masana mbiri inali itafika kumjigo kuti Felista akutolera phulusa la eni ake kuti akakokere chimanga cha anthu m'munda mwake. Ine, amayi! Ine amene ndapha changa chomwe!

Ndinabwerera ndi beseni lopepuka, mtima ukuwawa, ndikulankhula ndekha m'njira ngati wamisala. Ndinadzera pabwemba paja kuti ndisakumane ndi anthu. Ndipo ndinaima. Uvuni wa njerwa zanu unali patsogolo panga, wofoleredwa bwino, makomo ake atatu oponyeramo nkhuni atatsekedwa ndi njerwa zosweka. Ndinachotsa imodzi n'kupisa dzanja. Linalowa mpaka m'chigongono m'phulusa lofewa, loyera, louma ngati ufa. Nkhuni zonse zija anaotchera njerwa, phulusa lake linali momwemo, dontho la mvula silinalikhudze.

Koma ulendo uno Naphuma wanu anachita mantha. Ndinati izi ndi za chiliza cha amayi, kodi munthu amatenga za kumanda kupita nazo kumunda? Ndinabwezeretsa njerwa ija n'kuthamangira kwa amayi aang'ono, omwe aja ndinkawazemba. Ndinawapeza akusankha nyemba. Ndinagwada n'kuwaululira zonse, za ngala yachinayi, za chitini, za ndowa ya yureya, za a Nambewe. Sanandidule mawu. Nditamaliza anapukuta m'maso ndi nsonga ya chitenje, anati, “Njerwazo sizinafike kumanda, zikadali za pamudzi. Ndipo mwini wakeyo akanakhalapo, akanakwawira yekha m'menemo osafunsa munthu. Tenga fosholo, tiye.”

Tinapita awiri. Ine ndinakwawa chafufumimba kulowa m'khomo la uvuni, iwo akulandira panja. Tinadzaza matumba awiri. Ndinatuluka mutu uli mbuu, nkhope ili mbuu, ndipo amayi aang'ono anaseka mpaka kukhala pansi, anati ndi chizukwa chomwe chija. Ndinasenza thumba pamutu kudutsa pakati pamudzi, pamjigo pomwe, osazemba munthu. Amene ankafuna kuona anaona. Tinathira dzanja limodzi pa phando, motalikira ndi phesi, n'kukwirira. Dzanja langa linkafuna kutapa kawiri, koma amayi aang'ono anali kumbuyo kwanga ndi kamtengo, ndikangowerama kachiwiri anditibula pamsana. Madzulo ake kunagwa mvula yabwino, yopanda mphepo.

Lero ndi tsiku lakhumi ndi chiwiri chithirire. Masamba opserera aja sanachire, alangizi ananeneratu kuti sadzachira. Anati ndiziyang'ana atsopano otuluka kunsonga. Ndiye ndakhala ndikuyang'ana, amayi, m'mawa, masana, madzulo, mpaka ndapanga kanjira kanga m'mizere. Bambo a Tadala akuti ndichipha ndi maso. Inunso munkatero, kuti chimanga sichikula mwini wake atachiimirira. Koma ndingakhale bwanji kunyumba? Ndikamva kamphepo kakugwedeza bwemba, mtima uli m'mwamba. Ndikaona mtambo wakuda kunyanja, ndasiya mtondo ndathamanga, ngati kuti ndikafika ndikagwira mapesi onse ndi manja awiri.

Dzulo m'mawa ndinapeza masamba atsopano atatambasuka. Ndinawagwira limodzilimodzi, kuyambira phando loyamba mpaka lomaliza. M'mbali mwake ndi mosalala, mobiriwira, mopanda kupsa. Ndinatsina phesi limodzi m'munsi, lalimba. Sindinakhulupirire, ndinakaitana amayi aang'ono kuti adzatsine okha. Anatsina, anangoti, “Eya.” Inu mukuwadziwa, eya wawo ndi wodula.

Sindikunamizani kuti zatha. Ngaiyaye sizinatuluke, mbozi zikumveka kuminda ya ku Mtakataka, ndipo Febuluwale ndi mphepo zake akubwera. Mbewu yanu yonse, ya inu ndi ya agogo, yaima pa mizere itatu ya mumchenga, ndipo amene anaifikitsa pamenepo ndine. Ndikhululukireni, amayi. Ndinkafuna anthu anene kuti ndatengera inu, koma ndinatengera munda wokha, zina zonse ndinazisiya kuseri kwa khitchini.

Pali chimodzi chimene chikundikhazika mtima pansi pang'ono. Zaka zonse zija phulusa la kumchenga linkachokera kwa inu. Chaka chino ndinati ndathana nazo, mwapita, palibenso wondisenzetsa. Koma taonani, lachokeranso kwa inu, ndipo wasenza ndi yemwe uja.

Chitini chija ndachilanda kwa nkhuku, ndachitsuka, chabwerera pamalo pake, ndipo chafika kale pakati. Ndikukulonjezani kuti ngati Mulungu alola ndikolole ngakhale ngala ziwiri zokha, imodzi ndidzaimangirira kudenga pamwamba pa moto, ndipo ngakhale mizere itatsala yosabzala, imeneyo sidzatsika. Rozina wamng'ono akadzakula ndidzamusenzetsa phulusa, koma iye ndidzamuuza chifukwa chake, kuti asadzadziwire pa mizere khumi ndi umodzi ngati ine.

Ndalemba mpaka kumapeto osadzuka, mundiyamikireko. Koma tsopano kunyanja kwayamba kuda ndipo bwemba wayamba kugwedezeka, ndiye mundilole ndithamange. Mupereke moni kwa agogo, koma za ngala yachinayi musawauze kaye mpaka tikolole.

Ndimakukondani, amayi, ndipo ndakusowani.

Ine mwana wanu,
Felista, Naphuma wanu uja